Timachubu, masensa kapena ndowa: kusankha njira yoyezera mpweya wa m'tauni pamodzi ndi anthu wamba

Makina amene maboma amayezera mpweya wa m'mizinda ndi odalirika, koma amagulidwa ndi madola masauzande ambiri, amafuna magetsi osazimazima, ndipo sayenda bwino popanda katswiri wowayang'anira mwezi ndi mwezi. N'chifukwa chake ngakhale mizinda yolemera imakhala nawo ochepa, pamene mizinda yambiri ya mu Africa ilibe makina otere amene zotsatira zake zimafika kwa anthu. Komatu mpweya sukhala wofanana mumzinda wonse. Nyumba yoyang'anizana ndi msewu wodutsa mathiraki ingathe kusiyana kwambiri ndi ina ya kuseri kwake, ndipo makina amodzi oikidwa pabwalo la ofesi ya boma sangaone kusiyana kumeneku. Mpata umenewu ndi umene magulu a anthu wamba, masukulu, manyuzipepala ndi mayunivesite akhala akuyesa kutseka poitana anthu kuti aziyeza okha mpweya wa pakhomo pawo.

Njira zochitira zimenezi zilipo zingapo, ndipo zinayesedwa kale m'malo odziwika, kotero tingathe kuziweruza poona zimene zinabala. Makampeni ambiri amalakwitsa poyambira pa chipangizo. Wina amaona kamakina kokongola kotumiza manambala pafoni, amagula makumi angapo, kenako n'kuyamba kufunafuna funso loti timakinato tiyankhe. Dongosolo labwino limayamba ndi kudziwa chimene chikuipitsa mpweya pamalopo, komanso munthu kapena ofesi imene mukufuna kuti isinthe zochita ikaona zotsatira.

Zimene zimayezedwa

Zoipa za mumpweya wa m'tauni sizili zamtundu umodzi, ndipo palibe chipangizo chotchipa chimene chimaona zonse. Pali mpweya wa nitrogen dioxide, umene akatswiri amaulemba mwachidule kuti NO2, ndipo umachokera makamaka m'mainjini a galimoto, kwenikweni za dizilo. Pali tinthu ting'onoting'ono ta mu utsi totchedwa PM2.5, kutanthauza kuti kukula kwake sikupitirira mamayikulomita 2.5, pomwe milimita imodzi ili ndi mamayikulomita 1,000. Tinthu timeneti timachokera pa nkhuni, makala, zinyalala zootchedwa ndi mainjini, ndipo timalowa mpaka mkatikati mwa mapapo. Palinso mipweya ya kumafakitale monga benzene ndi sulphur dioxide, imene imavutitsa kwambiri anthu okhala pafupi ndi malo oyengera mafuta kapena osungunulira miyala ya mkuwa.

Mu 2021 bungwe la WHO linakhwimitsa malangizo ake. Linati PM2.5 isamapitirire mamayikulogalamu 5 pa kiyubiki mita ya mpweya mukawerengera chaka chonse, kapena 15 pa tsiku limodzi, ndipo NO2 isamapitirire 10 pa chaka kapena 25 pa tsiku. Manambalawa ndi a avareji ya tsiku lathunthu kapena chaka chathunthu. Munthu amene waona 80 pachipangizo chake kwa mphindi zisanu, pamene mnansi akukoleza mbaula, sangayerekeze nambalayo ndi malire a WHO, ndipo kusamvetsa mfundo yokhayi kwachititsa kuti zotsatira za magulu ambiri zikanidwe mosavuta.

Timachubu topachika kwa mwezi umodzi

Njira yakale kwambiri ndiyo yooneka yonyozeka. Ndi kachubu ka pulasitiki kotalika pafupifupi masentimita 7, kamene kanapangidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi katswiri wa ku America dzina lake Edward Palmes. Mkati mwa chivindikiro chake muli kasefa kachitsulo konyikidwa m'mankhwala otchedwa triethanolamine, amene amagwira NO2. Munthu amakapachika kukamwa kwake kutaloza pansi, amachotsa chotsekera cha m'munsi, amalemba tsiku ndi nthawi, n'kukasiya masabata awiri kapena anayi. Nthawiyo ikakwana amakatseka n'kukatumiza ku labotale, kumene amayeza kuchuluka kwa mpweya umene mankhwala aja agwira. Kachubuka sikafuna magetsi, batire kapena intaneti, ndipo palibe wakuba amene angakasirire.

Amene anasonyeza mphamvu ya njirayi ndi anthu a ku Flanders, kumpoto kwa Belgium. Mu 2016 anthu 2,000 a mumzinda wa Antwerp anapachika timachubu m'mawindo awo, ndipo mu Meyi 2018 ntchitoyi inakula n'kufikira dera lonse pansi pa dzina lakuti CurieuzeNeuzen. Anthu oposa 50,000 analembetsa, koma anasankhidwa 20,000, ndipo kusankhako sikunali kotengera amene wabwera msanga. Ochita kafukufuku a pa yunivesite ya Antwerp anafuna kuti misewu yamitundu yonse iimiridwe, ya pakati pa tauni, ya m'mbali mwake ndi ya kumudzi. Aliyense anapereka mayuro 10 ndipo analandira timachubu tiwiri pamodzi ndi chikwangwani chonga chotsatsira nyumba yogulitsa, choti achimate pawindo loyang'ana kumsewu. Chikwangwanicho chinagwira ntchito ziwiri. Chinachititsa kuti timachubu tonse tikhale potalika mofanana kuchoka pakhoma, ndipo chinachititsa kuti aliyense wodutsa mumsewu adziwe kuti pano akuyeza mpweya.

Zinthu ziwiri za m'dongosololi n'zoyenera kuziona bwino. Choyamba, bungwe la boma loona zachilengedwe ku Flanders linali nawo kuyambira pachiyambi, ndipo timachubu tina tinapachikidwa pambali pa makina ake enieni kuti zotsatira zikonzedwe potengera makinawo. Motero panalibe amene akanati manambalawo ndi a anthu osadziwa ntchito. Chachiwiri, nyuzipepala ya De Standaard inali mmodzi wa eni ntchitoyo, ndipo inatulutsa mapu a zotsatira kumapeto kwa Sepitembala 2018, kutatsala masabata awiri kuti kuchitike zisankho za makhonsolo. Mapuwo anaonetsa poyera kuti misewu yopapatiza yokhala ndi nyumba zazitali mbali zonse imasunga utsi wa galimoto, ngakhale m'matauni ang'onoang'ono amene anthu ankawayesa aukhondo. Mzinda wa Brussels unabwereza njira yomweyi mu 2021 m'malo 3,000.

Zofooka zake n'zodziwikiratu. Kachubu kamapereka nambala imodzi ya mwezi wonse, choncho sikangakuuzeni ngati vuto limakula m'mawa ana akamapita kusukulu kapena usiku. Kamatha kuphonya ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo n'chifukwa chake timapachikidwa tiwiritiwiri. Pamafunika labotale yodziwa ntchitoyi, timachubu tiyenera kusungidwa pozizira tisanapachikidwe, ndipo ngati labotaleyo ili kunja kwa dziko mtengo wotumizira ukhoza kuposa wa timachubuto. Chachikulu koposa n'chakuti kachubu ka NO2 sikaona tinthu ta mu utsi wa nkhuni kapena fumbi ngakhale pang'ono. Kumene mdani wamkulu ndi galimoto, njirayi ndi yovuta kuipambana pa mtengo ndi pa kuchuluka kwa anthu amene angatenge mbali. Kumene mdani ndi moto wophikira ndi zinyalala zofuka, ingathe kubweretsa mapu okongola osonyeza kuti zonse zili bwino pamene anthu akutsokomola.

Masensa okhala pakhoma

Njira yachiwiri, yomwe anthu ambiri amaiganizira poyamba, ndi ya masensa oyeza PM2.5 usana ndi usiku. M'kati mwa sensa muli kafani kamene kamakoka mpweya n'kuudutsitsa pa kuwala kwa laser. Kanthu kalikonse kakadutsa kamamwaza kuwalako, ndipo makinawo amawerenga kuthwanimako n'kuyerekezera kulemera kwa tinthu tonse. Sensa siyeza kulemera kwenikweni, imangoyerekezera, ndipo mavuto ake ambiri amachokera pamenepa. Kunja kukakhala chinyezi tinthuto timamwa madzi n'kutupa, motero sensa imaonetsa nambala yokwera kuposa zenizeni, ndipo pa nkhungu imatha kuwerenga madontho a madzi ngati utsi. Masensa ambiri otchipa saona bwino fumbi lalikulu la m'misewu yadothi. Pakapita miyezi fumbi limadzaza mkati, akangaude amamangamo, ndipo manambala amayamba kusokonekera popanda chizindikiro chilichonse.

Masensawa agwiritsidwa ntchito m'njira zitatu zosiyana, ndipo kusiyana kwake kuli pa umwini osati pa chipangizo. Ku Stuttgart, mzinda wa ku Germany womangidwa m'chigwa chimene chimasunga utsi, gulu la anthu odzipereka linayambitsa mu 2015 ntchito ya Luftdaten, imene tsopano imatchedwa Sensor.Community. Munthu amagula yekha sensa yotchedwa SDS011, kabolodi kolumikiza ku WiFi ndi kachipangizo koyeza kutentha ndi chinyezi, amalumikiza ndi timawaya, n'kuziika m'zigongono ziwiri za paipi ya madzi otayidwa kuti mvula isalowe. Zonsezi zimadya mayuro makumi ochepa, magetsi ake ndi a chaja ya foni, ndipo zotsatira zimapita pamapu oonedwa ndi aliyense mphindi ziwiri ndi theka zilizonse. Ubwino wake ndi wakuti womanga yekha chipangizo amachimvetsa ndipo amachikonda, moti ntchitoyi inafalikira m'mayiko ambiri popanda ofesi yaikulu. Kuipa kwake n'kwakuti palibe amene amatsimikizira kuti sensa iliyonse yapachikidwa pamalo oyenera, ndipo zambiri zimazima mwini wake akasamuka kapena akasintha intaneti ya m'nyumba.

Njira ina ndi yogula chopangidwa kale. Masensa a PurpleAir, amene anayambira ku Utah, m'dziko la America, mu 2015 chifukwa cha madandaulo a fumbi la pamalo okumba miyala, amakhala ndi mbali ziwiri zowerengera m'bokosi limodzi, kotero imodzi ikayamba kunama zimaoneka chifukwa manambala awiriwo amasiyana. Bungwe la boma la America loona zachilengedwe, EPA, litawayerekeza ndi makina ake linapeza kuti amakonda kuonetsa manambala okwera, ndipo linakonza masamu owongolera amene amawerengeranso chinyezi. Kuyambira mu 2020 linayamba kuika zotsatira zawo pamapu ake a utsi wa moto wolusa. Nkhaniyi ikuphunzitsa kuti boma limatha kulandira manambala a anthu wamba ngati pali njira yoonekera yowawongolera. Komabe kafukufuku wa ku America komweko anaonetsa kuti masensa ogula okha amachuluka m'madera a anthu opeza bwino, pamene madera osauka, amene nthawi zambiri ndiwo ali pafupi ndi misewu ikuluikulu ndi mafakitale, amakhala opanda kanthu pamapu. Kampeni yodalira kuti aliyense adzigulire imayeza mpweya wa amene ali ndi ndalama.

Njira yachitatu yogwiritsira ntchito masensa inakula ku Kampala, kumene ntchito ya AirQo ya pa yunivesite ya Makerere, yotsogoleredwa ndi Pulofesa Engineer Bainomugisha, inayamba mu 2015 kupanga masensa ake oganizira mavuto a mizinda ya mu Africa: magetsi ozimazima, fumbi lambiri ndi kusowa kwa WiFi. Zipangizo zawo zimatha kuyendera sola ndipo zimatumiza zotsatira kudzera pa netiweki ya foni. Apa chipangizo ndi cha yunivesite, ndipo masukulu, mashopu ndi mabanja amakhala ochisunga. Ochita kafukufuku ndiwo amasankha malo, amayendera masensa, ndipo amawayerekeza ndi makina enieni. Ena anganene kuti anthu wamba apa ali ndi gawo lochepa, ndipo n'zoona kuti wosunga bokosi pakhoma sakhala mwini funso monga amakhalira wa ku Stuttgart. Koma pa njira zitatuzi, iyi ndi imene manambala ake amapitirira kubwera chaka chachiwiri ndi chachitatu m'malo ovuta, chifukwa pali wina amene amalipidwa kuti akwere makwerero n'kukapukuta fumbi.

Pa njira zonsezi, sitepe imene siyenera kudumphidwa ndi yoika masensa onse pamodzi pambali pa makina odalirika kwa masabata angapo asanagawidwe, ndiponso kuwabwezeranso pamenepo kampeni ikatha. Zili ngati sikelo ya wogula mbewu pamsika: mlimi amaikhulupirira pokhapokha ikayesedwa ndi mwala wodziwika kulemera kwake. Ntchitoyi yavutirapo m'mayiko ena kuyambira mu Malichi 2025, pamene boma la America linasiya kufalitsa zotsatira za makina a kumaofesi a akazembe ake, amene m'mizinda ingapo ya mu Africa anali pakati pa makina ochepa odalirika otsegukira anthu onse. Kumene kulibiretu makina otere, kuika masensa pamodzi kumathandizabe kudziwa amene akusiyana ndi anzake, ndipo gulu lingathe kunena motsimikiza kuti dera ili ndi loipa kuposa lija, ngakhale silinganene nambala yeniyeni.

Zipangizo zoyenda nazo

Masensa omwewa amatha kunyamulidwa. A AirQo anamangirira ena pa njinga zamoto za kabaza, zimene ku Uganda amazitcha boda-boda, kuti afike m'tinjira timene mulibe chipangizo chokhazikika. Ku London mu 2019 ana oposa 250 a m'masukulu asanu a pulayimale ananyamula zikwama zokhala ndi masensa kwa sabata imodzi, ndipo zinaoneka kuti ankapuma mpweya woipa kwambiri paulendo wopita kusukulu kuposa ali m'kalasi, komanso kuti odutsa m'misewu ya kuseri ankapulumukako. Pophunzitsa ndi pokopa makolo, njirayi ndi yamphamvu, chifukwa munthu amaona nambala ikukwera basi ikamudutsa. Monga umboni wopereka kukhonsolo ndi yofooka, popeza malo ndi nthawi zimasinthira limodzi, ndipo simungadziwe ngati nambala yakwera chifukwa cha msewuwo kapena chifukwa cha ola limene mwadutsamo, pokhapokha mutabwereza njira yomweyo masiku ambiri. Ndi yabwino kuthandizira njira zina, osati kuima payokha.

Ndowa za oyandikana ndi mafakitale

Anthu okhala pafupi ndi fakitale ali ndi vuto lina. Fungo limabwera mwadzidzidzi, kawirikawiri usiku, ndipo pamene woyendera wa boma akufika limakhala litapita. Njira ya ndowa inapangidwira zimenezi ku California mu 1995. Ndi ndowa ya pulasitiki yotseka bwino, mkati mwake muli thumba lapadera losalowerera mankhwala, ndipo kapampu kakang'ono kamachotsa mpweya m'ndowamo kuti thumbalo likoke mpweya wa panja kwa mphindi zochepa. Thumbalo limatumizidwa mwachangu ku labotale, kumene amayeza benzene ndi mipweya ina yambiri. Ku Norco, m'chigawo cha Louisiana ku America, anthu a m'dera la Diamond anagwiritsa ntchito ndowa polimbana ndi fakitale ya mankhwala ya Shell, ndipo mu 2002 kampaniyo inavomera kugula nyumba zawo kuti asamuke. Kum'mwera kwa Durban, kumene mabanja ankakhala pakati pa mafakitale oyenga mafuta, bungwe la groundWork ndi mgwirizano wa magulu a anthu a m'deralo wotchedwa SDCEA anatenga mpweya ndi ndowa mu 2000 ndipo anapezamo benzene wambiri. Kukakamiza kwa magulu amenewa kunali m'gulu la zinthu zimene zinachititsa kuti South Africa ikhazikitse lamulo latsopano la mpweya mu 2004, m'malo mwa lakale la 1965.

Ndowa yeniyeniyo ndi yotchipa, koma kuyezetsa thumba limodzi kumadya madola mazana, choncho gulu limakwanitsa matumba ochepa pachaka. Thumba lililonse limanena za mphindi zochepa zokha, ndipo kampani ingathe kuyankha kuti zinangochitika tsiku limenelo. Mphamvu ya njirayi imachokera pa kaundula amene anthu amalemba tsiku ndi tsiku: nthawi imene fungo linayamba, mmene linkamvekera, kumene mphepo inkachokera, ndi amene anadwala. Thumba limatsimikizira zimene kaundulayo wakhala akunena kwa miyezi. Ndi njira yomenyera ufulu pa gwero limodzi lodziwika, ndipo siyoyenera kwa amene akufuna mapu a mzinda wonse. Tiwonjezere kuti kumene nkhawa ili pa zimene zili m'fumbilo, monga mtovu wa ku Kabwe ku Zambia kumene mgodi unatsekedwa mu 1994, ndowa, timachubu ndi masensa zonse sizithandiza. Pamafunika pampu yokoka mpweya kudzera pa sefa, ndipo sefayo ikayezedwe ku labotale.

Kusankha m'mizinda ngati Blantyre ndi Lilongwe

M'mizinda imene mabanja ambiri amaphikira makala ndi nkhuni, zinyalala zimaotchedwa kuseri kwa nyumba, ndipo misewu yambiri ya m'makomboni ndi yadothi, funso lalikulu ndi la PM2.5 ndi fumbi. Kutengera kampeni ya ku Flanders mmene ilili kungakhale kuyeza chinthu cholakwika, ngakhale timachubu tingakhalebe tothandiza pamalo ochepa monga madepoti a maminibasi ndi mphambano zodzaza. Chimene chingatengedwe kwa iwo ndi kakonzedwe kake: kusankha malo mwadala, kukhala ndi nyumba youlutsa nkhani kuyambira pachiyambi, ndi kuitana bungwe la boma loona zachilengedwe, monga MEPA ku Malawi kapena ZEMA ku Zambia, lisanapachikidwe chipangizo choyamba. Pa chipangizo, njira ya ku Kampala ndiyo ikugwirizana ndi magetsi ndi netiweki za kuno. Masensa 15 osamalidwa bwino, oikidwa pasukulu, pachipatala chaching'ono ndi pamsika m'madera osiyana mapezedwe, angapereke zambiri kuposa 100 ogawidwa pamwambo umodzi n'kuiwalika.

Nyengo nayonso iyenera kulowa m'dongosolo. Mvula imatsuka mpweya, kotero kampeni ya mwezi umodzi mu Januwale ingapereke chithunzi chosiyana kotheratu ndi cha mu Juni ndi Julayi, pamene kuzizira kwa m'mawa kumakanikiza utsi pafupi ndi nthaka, kapena cha mu Sepitembala ndi Okutobala, pamene tchire likupsa ndipo fumbi lili ponseponse. Pa masiku a chiperoni ku Blantyre chinyezi chidzakweza manambala a masensa, ndipo popanda kachipangizo koyeza chinyezicho gulu lingalengeze vuto limene kulibe. Kuyeza kuyenera kutenga chaka chathunthu, ndipo bajeti iwerengere ndalama za data, mabatire, mayendedwe a wokonza ndi misonkhano yobwezera zotsatira kwa osunga masensa, chifukwa zimenezi pamodzi kawirikawiri zimaposa mtengo wa zipangizo zenizenizo. Wosunga sensa aliyense apatsidwenso kope lolembamo nthawi imene pafupi paotchedwa zinyalala, pamene jenereta yayatsidwa kapena pamene magetsi azima, popeza nambala yokwera ya 6 koloko madzulo singamasuliridwe popanda wina amene analipo. Pomaliza, mapu ofalitsidwa asaonetse nyumba yeniyeni imene pali sensa, monga mmene a Sensor.Community amasunthira dala kadontho kalikonse pang'ono pamapu awo kuti ateteze wosunga, ndipo m'dera limene zotsatira zingakwiyitse mwini fakitale kapena mnansi wootcha njerwa, chitetezo chimenechi chiyenera kukambidwa ndi wosungayo asanavomere.